Nkhondo ya Mapesi si Ndeu

Belu la nthawi yopuma likangolira pa sukulu za kumidzi, anyamata a m'Giredi 1 amathamangira kukatola mapesi. Posacedwa phesi lasanduka mfuti, culu casanduka linga, ndipo wina wagwa pansi "wafa" uku akuseka. Patsinde pa mtengo wa mango atsikana akhala mozungulira, ena pa ciyato, ena akuphika nsima ya dothi m'zitini. Mphunzitsi akatulukira, amene alandira cidzudzulo kawirikawiri ndi anyamata aja. Kodi alakwadi?

Funso limeneli lasautsa aphunzitsi m'maiko ambiri, ndipo akatswiri analifufuza. M'caka ca 1967 Nicholas Blurton Jones wa ku Britain analongosola kusiyana kwa ndeu yeniyeni ndi ndeu ya masewera pakati pa ana aang'ono. Ana osewera amaseka, amamenya ndi dzanja lotambasula, amasinthana kuthamangitsana, ndipo akatha amakhalabe pamodzi. Ana okangana amakwinya nkhope, amakunga cibakera, ndipo pambuyo pace amapatukana. Cizindikiro cacikulu tsono ndi nkhope ya mwana, osati phesi liri m'manja mwace.

Kuti anyamata ndiwo akonda kwambiri masewera ogwetsana ncoona. Beatrice Whiting ndi Carolyn Edwards anaonetsa zimenezi m'caka ca 1973 atayerekeza ana a m'maiko monga Kenya, India, Mexico ndi America. Koma anaonanso kuti nchito zimene ana apatsidwa pakhomo zimaumba khalidwe lao: kumene anyamata amalera makanda, kusiyana kwao ndi atsikana kunali kocepa. Sitinganene kuti zonse ncibadwa.

Mai Vivian Paley, amene anaphunzitsa ana aang'ono ku Chicago, analemba buku m'caka ca 1984 momwe anabvomera kuti mtima wao unkakondera atsikana cifukwa ankasewera mwakacetecete, pamene phokoso la anyamata ankaliyesa cisokonezo. Njira imene anagwiritsa nchito inali yakuti mwana aliyense asimbe nthano yace, iwo nailemba, kenaka anzace naisewera pamaso pa kalasi. Motero nkhondo ija inali ndi ciyambi, malamulo ndi mathero.

Ku England sukulu zambiri za ana zinaletseratu mfuti zamasewera. Penny Holland, m'buku lace la 2003, anaonetsa kuti ciletsoco sicinathetse masewerawo. Ana anapitiriza kupanga mfuti mobisa, ndipo akafunsidwa ankanama kuti apanga cinthu cina. Cimene anaphunzira ndi kubisa, pamodzi ndi maganizo akuti zokonda zao nzoipa.

Nanga ife ticitenji? Coyamba, tisathamangire mkwapulo. Lamulo la Maphunziro la 2011 linaletsa kukwapula ana m'sukulu za dziko lino, ndiponso mwana womenyedwa cifukwa ca ndeu yongoyerekeza aphunzira kuti wamphamvu ndiye amenya. Caciwiri, tiike malire omveka: miyala, legeni ndi mitengo yosongoka ai, ndipo mnzako akati "basi" masewera aime. Cacitatu, tipenyetsetse mwana amene nthawi zonse ndiye wogwetsedwa, amene saseka, kapena amene wayamba kukana sukulu m'mawa. Ameneyo sakusewera, akuzunzidwa, ndipo afunika thandizo la akulu msanga.

Tisaiwalenso atsikana. Kukhala cete si ciyero ca mtima, pakuti mau akuti "iwe sitisewera nawe" alasa koposa phesi. Ndipo mtsikana akafuna kutsogolera asilikari a pa culu, kapena mnyamata akafuna kubereka cidole ku masanje, tisawaseke. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mnyamata wobereka cidole lero ndiye tate wa mawa amene adzanyamule mwana wace kupita naye ku cipatala mosacita manyazi.