Mutu 4: Nyama yopanda pakamwa

Mwa mitundu 100 iliyonse ya nyama zodziwika, pafupifupi 95 ilibe fupa la msana. M'mutu uno ndi wotsatira tiona za m'nyanja zamchere gulu ndi gulu: masiponji, ma jellyfish, nkhono ndi abale ake, kenako nkhanu. Tiyamba ndi siponji chifukwa ndi imene anthu amailakwira kwambiri.

Chinkhupule choyanga pampanda ndi chomera, ndipo chotsukira mbale cha kugolosale chimapangidwa kufakitale. Koma siponji imene anthu a pachilumba cha Kalymnos ku Greece akhala akukaizula pansi pa nyanja kwa zaka mazanamazana ndi nyama. Chimene amagulitsa ndi mafupa ake ofewa, mnofu utawola kale. Zimandipweteka kuona mabuku ena akuipatsa mizere iwiri yokha, pomwe ndi imene imaphunzitsa bwino kuti nyama n'chiyani.

Siponji ilibe pakamwa, m'mimba, ubongo kapena mitsempha. Nanga imadya bwanji? Mu 1825 Robert Grant wa ku Edinburgh anaika siponji yamoyo m'kambale ka madzi a m'nyanja n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Anaona madzi akutuluka pabowo mosalekeza, osabwerera. Madziwo amalowera pa timabowo tosaoneka ndi maso tomwe tili thupi lonse, n'kudutsa m'tinjira tam'kati. M'zipinda za m'katimo muli maselo okhala ndi kamchira kamodzi kamodzi. Timichirato timakupiza usana ndi usiku, madzi n'kumayenda, ndipo selo lililonse limakola mabakiteriya n'kuwagaya lokha. Madzi omwewo ndi amene amabweretsa okosijeni, kuchotsa zoipa ndi kunyamula umuna kupita kwa siponji ina. Pa tsiku limodzi madzi odutsamo amaposa kukula kwa thupi lake maulendo masauzande. Thupi lonse lili ngati sefa yodzipopera yokha madzi.

Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsanso chifukwa chake ophunzira ambiri amapha masiponji asanawafikitse ku labotale. Amawatulutsa m'madzi kuti awaone bwino, mpweya n'kulowa m'tinjira tija n'kutitseka. Siponji yamoyo iikidwe m'thumba kapena m'botolo muli pansi pa madzi pomwepo. Kulakwitsa kwina ndi kuitchula dzina poona mtundu ndi maonekedwe. Ziwiri za fuko limodzi zimatha kusiyana kutalitali ngati ina yakulira pamafunde, ina pamalo abata. Akatswiri amadula kachidutswa, kukasungunula mu jiki, n'kuona timafupa tosongoka totsala pansi, tina ta silika, tina ta layimu. Maonekedwe a timafupato ndiwo amaulula dzina. Ndipo valani magolovesi, chifukwa timalasa ndipo masiponji ena amayabwa koopsa.

Kuyabwako si kwachabe. Nyama yosatha kuthawa imadziteteza ndi poizoni, ndipo poizoniyo wasanduka mankhwala. M'zaka za m'ma 1950 Werner Bergmann anapeza makemikolo achilendo mu siponji ya ku Caribbean, amene anatsegula njira yopangira cytarabine, mankhwala a khansa ya m'magazi ovomerezedwa mu 1969. Eribulin, wa khansa ya m'mawere, anavomerezedwa mu 2010 ndipo anachokera pa kafukufuku wa siponji ya ku Japan yotchedwa Halichondria okadai.

Chimene chimandigometsa kuposa zonse ndi cha H. V. Wilson ku North Carolina mu 1907. Iye anafinya siponji yamoyo pansalu ya silika mpaka maselo onse anamwazikana m'madzi. Maselowo anayamba kukwawa, kufunana, kugwirana, ndipo patapita masiku anapanga timasiponji tatsopano topopa madzi. Izi zinatheka chifukwa maselo ena a siponji amatha kusiya ntchito ina n'kuyamba ina.

Mitundu ya masiponji yodziwika ndi pafupifupi 9,000. Ochepa amakhala m'madzi opanda mchere, monga ku Baikal ku Russia, ndipo Nyanja ya Malawi ili ndi yake yotchedwa Malawispongia echinoides.

Ma jellyfish ndi ena ndithu. Thupi lawo pafupifupi 95 peresenti ndi madzi, ali ndi pakamwa ndi mitsempha koma alibe ubongo, ndipo amasaka ndi timaselo tolasa tomwe tili pa michira yawo. Chironex fleckeri wa kumpoto kwa Australia ali ndi maso 24 ndipo amatha kupha munthu m'mphindi zochepa. Ukonde umawang'amba, choncho amatungidwa ndi chidebe kapena kujambulidwa ali m'madzi. Nkhono, octopus ndi nkhanu zidikire mutu wotsatira.

Tibwerere ku masiponji: lamulo la kupopa madzi lija nalo lili ndi olithyola. Mu 1995 Jean Vacelet ndi Nicole Boury-Esnault analengeza za siponji ya m'phanga la m'nyanja ya Mediterranean pafupi ndi Marseille, imene ilibe tinjira ta madzi ngakhale maselo a timichira. Ili ndi ulusi wokhala ndi timbedza tomwe timakola tinkhanu ting'onoting'ono, kenako maselo amakwawira pa nyamayo n'kuigaya kwa masiku angapo. Chimene chinatsimikiza kuti ndi siponji ndi timafupa take ta silika.