Getsi la diso ndi swici ya pa khoma

Masiku ano, pa nyumba zina za m'mizinda pali getsi lacilendo. Getsili limakhala panja, pamwamba pa khomo. Lili ndi babu wowala kwambiri. Pafupi ndi babuyo pali kamera yaing'ono. Kamera ndiyo diso la getsili.

Usiku munthu akayenda pabwalo, getsi limayaka lokha. Limayaka cifukwa lili ndi kacipangizo kamene kamamva kutentha kwa thupi loyenda. Galu kapena mbuzi ikadutsa, nthawi zina limayakanso. Kamera imajambula, ndipo cithunzi cimapita pa intaneti mpaka pa foni ya mwini nyumba. Mwini nyumba amaona pabwalo pake ngakhale ali kutali.

Magetsi amacokera kuti?

Ku Tete kuli damu lalikulu la Cahora Bassa. Lili pa mtsinje wa Zambezi, pafupi ndi Songo. Anamaliza kulimanga mu 1974. Madzi a m'damuli amazunguza makina akuluakulu 5. Makinawo amapanga magetsi. Magetsi amayenda mu mawaya mpaka kufika m'nyumba za anthu.

Swici imagwira nchito bwanji?

Pa khoma la nyumba pamakhala swici. Pa Cipwitikizi swici ndi interruptor. Swici ili ngati ulalo wa pa mtsinje. Ulalo ukakhalapo, anthu amaoloka. Ulalo ukacotsedwa, anthu amaima kutsidya. Magetsi nawonso ndi cimodzimodzi. Munthu akayatsa swici, magetsi amaoloka ndipo babu amayaka. Akazimitsa swici, njira imaduka ndipo babu amazima.

Vuto lili pati?

Babu ndi kamera zimalandira magetsi pa waya mmodzi. Swici ikazimitsidwa, sikuti babu yekha ndiye amazima. Kamera nayo imagona. Siona kanthu. Situmiza cithunzi ku foni.

Mwana akhoza kuzimitsa swici m'mawa kuti asaononge magetsi. Maganizo akewo ndi abwino. Koma madzulo banja lonse likhoza kuiwala kuyatsanso. Wakuba akabwera usiku, pabwalo pamakhala mdima. Amatenga njinga kapena nkhuku, ndipo kamera sidziwa kanthu. Ngakhale wina ayatse swici mofulumira, kamera imacedwa pang'ono kudzuka ndi kupezanso intaneti.

Banja lingacite ciyani?

Coyamba, swici ya getsi limeneli izikhala yoyatsa usana ndi usiku. Masana babu sayaka, cifukwa getsi limazindikira kuwala kwa dzuwa. Kamera yokha ndiyo imakhala maso, ndipo imadya magetsi ocepa.

Caciwiri, makolo aike cizindikiro pa swiciyo. Akhoza kumatapo kapepala kofiira. Aliyense akaona kapepalako amakumbukira kuti swici iyi siyozimitsa.

Cacitatu, wofuna kuyatsa kapena kuzimitsa babu agwiritse nchito foni. Foni imalamula babu yekha. Kamera imapitiriza kuona.

Cacinayi, banja lofuna batani la pa khoma liitane mmisiri wa magetsi. Pali mabatani ena amene sadula njira ya magetsi. Amangotumiza uthenga kwa babu kuti ayake kapena azime. Mmisiri ndiye amadziwa batani logwirizana ndi getsilo.

Kamera iziyang'ana pabwalo la eni ake. Isayang'ane pakhomo pa anansi, cifukwa nawonso amafuna ulemu.

Cenjezo kwa ana

Batire limodzi la wailesi lili ndi mavoti 1,5. Magetsi a m'nyumba muno m'Moçambique ali ndi mavoti 220. Mphamvu imeneyi ikhoza kupha munthu. Conco mwana sagwira swici ndi manja onyowa. Salowetsa msomali kapena waya mu soketi. Akaona swici yosweka kapena waya wosendeka, sakhudza. Amathamanga kukauza amayi, abambo kapena aphunzitsi.

Mafunso

1. Kodi diso la getsi limeneli ndi ciyani?
2. Kodi swici ikufanana bwanji ndi ulalo?
3. Swici ikazimitsidwa, kamera imatani?
4. Mwana akaona waya wosendeka, acite ciyani?

Nchito ya kunyumba

Jambulani babu, waya ndi swici. Onetsani cithunzico kwa makolo anu. Afotokozereni njira imene magetsi amayenda.