Khomo la Pamimba pa Nkhalamba

Mayi wina wa m'tsinde mwa phiri la Chongoni, amene atate ake okalamba anabwerako ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe atachitidwa opaleshoni chifukwa cha matumbo opotana, anandifunsa kuti, "Achimwene, thumba la pamimbali tilisamala bwanji?" Inenso kale ndinkayesa kuti khomo limene madokotala amalitcha stoma ndi bala loyembekeza kupola, pamene ndi nsonga ya thumbo yotulutsidwa dala kuti chimbudzi chizidzera pamenepo kufikira thupi litapezanso nyonga, kapena masiku onse a moyo.

Thumbo lamoyo limakhala lofiira ndi lonyowa ngati m'kati mwa tsaya; likada, kapena likaleka kutulutsa kanthu, mimba n'kutupa, wodwala n'kumasanza, musazengereze, pitani nawo ku chipatala cha boma ku Dedza tsiku lomwelo. Khungu lozungulira limanyuka pamene chibowo cha thumba chadulidwa chachikulu. Dulani chibowo cholingana ndi thumbolo, tsukani khungulo ndi madzi ofunda, ndipo paume musanamatepo thumba lina.

Koma chimene ndimaopa koposa pa nkhalamba, makamaka ngati lotulutsidwalo ndi thumbo laling'ono, ndicho kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, pakuti zotuluka zikachuluka ndi kukhala zamadzimadzi, impso zimafooka mwakachetechete. Madzi okha sakwanira. Apatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono, nsima ndi nthochi, ndipo mkodzo ukachepa abwerere kwa dokotala. Thumbo likatuluka motalika, kawirikawiri madokotala amayamba alibweza ndi manja, osathamangira mpeni, popeza thupi lofooka silipirira msanga opaleshoni yachiwiri.