Chisanu pa Dimba: N'chifukwa Chiyani Usiku wa Nyenyezi Uli Woopsa?

Mvula ikaleka mu Epulo, ntchito imasamukira kudimba. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mabanja ambiri amapeza ndiwo kumeneko, ena mpaka ndalama ya fizi. Koma Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yozizira kwambiri, ndipo kumadera okwera monga Dedza ndi Viphya usiku umodzi wokha ungathe kuwononga bedi lonse la tomato. Akuluakulu amati chisanu chawotcha mbewu. Monga mphunzitsi wa Physics, ndikufuna tione chomwe chimachitika kwenikweni.

Masana dothi limatenthedwa ndi dzuwa. Usiku limataya kutenthako kudzera mu radiation, ija mumaphunzira pamodzi ndi conduction ndi convection. Kukakhala mitambo, mitamboyo imayamwa kutenthako n'kubweza kwina pansi. Kumwamba kukayera mbee, kutenthako kumangopita osabwerera. N'chifukwa chake usiku wa chiperoni suopsa ngati usiku wa nyenyezi wopanda mphepo. Kuzizira kumafika pachimake mbandakucha, chifukwa dothi limakhala lataya kutentha usiku wonse. Tsamba nalonso limataya kutentha kwake, moti limatha kufika pa 0°C pomwe thermometer yopachika pakhonde ikuonetsa 3°C.

Chachiwiri ndi density. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, ndiye umatsetsereka ngati madzi n'kukaunjikana malo otsika. Nanga madimba athu ambiri ali kuti? Kudambo, kumene timatsata madzi. Mpweya wozizirawo umatsata komweko.

M'kati mwa tsamba muli madzi ambiri. Akaundana pakati pa ma cell, amakoka madzi a m'ma cellwo n'kuwaphwanya. Dzuwa likatuluka tsamba limada n'kufota, ngati lapsadi ndi moto. Tomato, nyemba ndi maungu sizipirira zimenezi. Kabichi, repu ndi mpiru zimalimba chifukwa kukazizira zimachulukitsa shuga m'masamba, ndipo madzi osungunukiramo shuga saundana msanga. Choncho bedi la kumunsi kwenikweni lipatseni kabichi, tomato akhale chakumtunda.

Ndiye mungatani mukaona kuti kumwamba kwayera ndipo mphepo yasiya?

Thirirani masana, dzuwa likadali lamphamvu. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi 1°C pamafunika ma joule pafupifupi 4,200, pomwe mchenga wouma umafuna pafupifupi 800 okha. Dothi lonyowa limasunga kutentha kochuluka, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku.

Madzulo fundikani mbewu. Zikani timitengo, muyalepo masaka kapena udzu, koma zisakhudze masamba. Chofundacho chimagwira ntchito ya mtambo waung'ono. M'mawa chichotseni kuti dothi lilandirenso dzuwa.

Yang'ananinso mpanda wanu. Mpanda waudzu wothithikana kumunsi kwa dimba umatchinga mpweya wozizira ngati damu. Siyani mpata pansi pake kuti mpweyawo uzidutsa.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ana asukulu ambiri ndikawafotokozera. Kuphimbira dothi ndi udzu n'kwabwino, chifukwa chinyezi chimakhalitsa. Koma udzu wouma ndi insulator: umaletsa dothi kutenthedwa bwino masana, komanso umatsekera kutentha kwake usiku. Mizu imafunda, masamba ali pamwamba n'kumazizidwa. Ngati kwanu kumagwa chisanu, kankhirani udzuwo pambali pa tomato mu Juni ndi Julayi, mudzaubwezere mu Ogasiti kukayamba kutentha.

Musangokhulupirira ine ayi, yesani nokha. Pemphani thermometer kwa aphunzitsi anu. Muyese kutentha cha m'ma 5 koloko m'mawa, pafupi ndi dothi, kumtunda kwa dimba ndi kumunsi kwake. Chitani zimenezi kwa sabata ziwiri, ndipo tsiku lililonse muzilemba ngati usikuwo kunali mitambo kapena ayi. Mukajambula graph muona nokha bedi limene likufunika masaka, ndipo makolo anu adzadziwa pobzala tomato chaka chamawa.