Mankhwala alipo, koma ana a ku America akuwapeza mochedwa

Pakati pa Okutobala ndi Disembala 2022, akafukufuku a pa Oregon Health & Science University ku America ankaimba foni kumalo ogoneka achinyamata omwerekera ndi mankhwala ozunguza bongo. Woimba aliyense ankadzitchula kuti ndi azakhali kapena amalume a mwana wa zaka 16 amene wangopulumuka lokumbakumba atamwa fentanyl. Mwanayo anali wongopeka, koma zimene ankafunsa n'zomwe kholo lililonse lingafunse mtima uli m'mwamba: ngati malo alipo, ndalama zake, ndiponso ngati angam'patse buprenorphine, mankhwala amene madokotala amavomereza kuti amathandiza munthu wokodwa ndi mankhwala a gulu la opioid.

Pa malo 160 amene ankalandira achinyamata, 39 okha ndiwo ankapereka buprenorphine. Malo othandiza ana pocheza ndi mahatchi anali ochuluka kuposa opereka mankhwalawa. Dr Caroline King ndi anzake, polemba zotsatirazi m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2023, anawerengera kuti kholo liyenera kuimba malo 9 kuti lipeze amodzi opereka mankhwalawa. Mwana akakhala wosakwana zaka 16, ntchito yoimbayo imakula kwambiri.

Izi zinkachitika pamene maliro a ana asukulu anali atafika poipa. Mu 2019, achinyamata 492 a zaka 14 mpaka 18 anamwalira atamwa mankhwala mopitirira muyezo. Mu 2020 anafika 954, ndipo mu 2021 anali 1,146. Pa imfa 100 zilizonse za mu 2021, fentanyl anapezeka mu 77. Madokotala Joseph Friedman ndi Scott Hadland anapeza kuti mu 2022 ankamwalira ana 22 sabata iliyonse, chiwerengero cha kalasi yathunthu ya sekondale kumeneko. Ana a eni nthaka a ku America, Amwenye ofiira ndi anthu a ku Alaska, ndiwo ankafa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwawo.

Chodabwitsa n'chakuti ana ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo sanachuluke m'zaka zimenezi. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa m'sukulu, wotchedwa Monitoring the Future, anaonetsa kuti mu 2021 chiwerengero chawo chinatsika ndithu. Chimene chinasintha ndi katundu amene ali pamsika.

Katunduyo nthawi zambiri ndi kapiritsi kozungulira ka mtundu wa buluu, mbali ina kolembedwa M mkati mwa kabokosi, mbali inayo 30. Kamafanana ndendende ndi oxycodone, mankhwala opha ululu a kuchipatala. Ena amapangidwa mofanana ndi Xanax kapena Percocet. Koma m'kati mwake muli fentanyl wopangidwa mobisa, makamaka ndi magulu a zigawenga a ku Mexico, ndipo amagulitsidwa ngakhale pa masamba a mchezo a pa foni. Fentanyl ndi wamphamvu pafupifupi ka 50 kuposa heroin, ndipo mamiligalamu awiri okha angaphe munthu. Opanga mapiritsiwa sasakaniza ufa wawo mosamala. Zili ngati mchere wothira mu ndiwo popanda kutakasa: wina alawa posakolera, mnzake agwera pamene unaunjikana. Ana awiri angagawane mapiritsi a m'pepala limodzi, wina n'kudzuka m'mawa, winayo ayi. Mu 2023 bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, DEA, linati pa mapiritsi achinyengo 10 alionse amene linapima, 7 anali ndi fentanyl wokwanira kupha.

Ambiri mwa ana amenewa sanali zidakwa za mankhwala. Ena ankafuna kugona, ena kuchepetsa nkhawa, ena kungolawa. Bungwe la boma loona za matenda la CDC litafufuza imfa za ana a zaka 10 mpaka 19 kuchokera mu Julayi 2019 mpaka Disembala 2021, linapeza kuti pafupifupi 41 pa 100 alionse anali ndi mbiri ya vuto la m'maganizo kapena analandirapo chithandizo chake. Ambiri anafera pakhomo pawo. Ndipo pa imfa zitatu zilizonse, ziwiri zinachitika pali munthu wina pafupi, m'chipinda china kapena m'nyumba momwemo, koma nthawi zambiri munthuyo sanachitepo kanthu. Chiwerengero chimenechi n'chopweteka kuposa zonse, chifukwa chikunena za makolo ndi abale amene anali pamtunda wa khoma limodzi.

Sanachitepo kanthu chifukwa imfa ya opioid simachita phokoso. Mankhwalawa amafooketsa mbali ya ubongo yolamulira kupuma. Munthu amaoneka ngati wagona tulo tofa nato, amaliza mkonono wachilendo ngati akutsamwa, milomo ndi zikhadabo zimatuwa, timaso takuda timachepa kwambiri, ndipo ukamugwedeza sadzuka. Mayi wosuzumira pakhomo la chipinda amangoti mwana watopa, n'kutseka chitseko.

Pamenepa pali mankhwala ena, naloxone, amene amadziwika kwambiri ndi dzina la malonda la Narcan. Ndi kachipangizo ka pulasitiki kokwana m'dzanja. Wokomokayo umamugoneka chagada, kulowetsa kamlomo kake m'mphuno imodzi, n'kukankha ndi chala chachikulu. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu osatsitsimuka, umathira kena m'mphuno inayo. Naloxone amachotsa opioid pamalo pamene wakakamira mu ubongo, munthu n'kuyambiranso kupuma. Mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, choncho ambulansi iyenera kuitanidwabe. Ukam'patsa munthu amene sanamwe opioid, sapwetekedwa. Mu Malichi 2023 bungwe loona za mankhwala la FDA linalola kuti Narcan azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo pofika Seputembala anali m'masitolo pa mtengo wa pafupifupi madola 45 paketi ya tiwiri.

Sukulu zinazengereza poyamba, poopa kuti kusunga naloxone n'kuvomereza kuti ana awo amamwa mankhwala. Ku Los Angeles maganizowo anatha mu Seputembala 2022, mtsikana wa zaka 15 atapezeka atamwalira m'chimbudzi cha pasukulu ina ya ku Hollywood. Mkulu wa sukulu za boma mumzindawo, Alberto Carvalho, analengeza kuti sukulu zonse zikhala ndi naloxone, ndipo kenako ophunzira analoledwa kuyenda naye m'zikwama zawo.

Koma kutsitsimutsa mwana ndi chiyambi chabe. Amene thupi lake lazolowera opioid akasiya, pasanathe tsiku amayamba kuphwanya m'thupi, kutuluka thukuta, kuyasamula kosalekeza, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kusowa tulo. Zimenezi zikadutsa pamatsala chibaba chimene chimatha miyezi. Apa m'pamene pali msampha umene makolo ambiri saudziwa. Mwana akatsekeredwa milungu iwiri kapena inayi osamwa kanthu, thupi lake limaiwala mlingo umene linazolowera. Akatuluka n'kugonja kamodzi kokha, mlingo wakale uja umamupha. Banja limasangalala kuti mwana wachira, pamene ali pangozi yaikulu kuposa tsiku limene analowa.

Buprenorphine amatseka mpata umenewu. Ndi kapiritsi kapena kapepala kopyapyala koika kunsi kwa lilime mpaka kasungunuke. Nawonso ndi a gulu la opioid, koma amagwira ubongo pang'ono chabe, mokwanira kuthetsa chibaba ndi kuphwanya m'thupi popanda kuledzeretsa munthu amene anazolowera kale, ndipo mphamvu yawo yofooketsa kupuma ili ndi malire. Wodwala amatha kupita kusukulu kapena kuntchito. Pakati pa akuluakulu, kafukufuku wambiri waonetsa kuti buprenorphine ndi methadone, mankhwala ena a gulu lomweli, amachepetsa imfa ndi pafupifupi theka. Kwa achinyamata umboni unabwera kalekale. Mu 2008 Dr George Woody ndi anzake anafalitsa zotsatira za achinyamata 152 a zaka 15 mpaka 21. Ena anapatsidwa buprenorphine kwa milungu 12, ena kwa masiku 14 okha. Pa sabata yachinayi, 61 pa 100 alionse a gulu la masiku 14 anapezeka ndi opioid mu mkodzo, pamene m'gulu linalo anali 26. Mankhwala atayamba kuchepetsedwa chakumapeto, kusiyanako kunachepa, zimene zinaonetsa kuti chithandizochi sichofunika kuchidula msanga.

Mu 2016 bungwe la madokotala a ana, American Academy of Pediatrics, linalangiza mamembala ake kuti azipereka mankhwalawa kwa achinyamata. FDA inali itavomereza kale buprenorphine kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo. Komabe Hadland atafufuza achinyamata 4,837 okodwa ndi opioid m'zigawo 11 za dzikolo, anapeza kuti mwa osakwana zaka 18, ochepera 5 pa 100 alionse ndiwo analandira mankhwala. Kafukufuku wina wa mu 2020 anaona achinyamata amene anakomokapo n'kupulumuka: mmodzi yekha pa 54 ndiye anapatsidwa mankhwala mkati mwa masiku 30.

Chimalepheretsa n'chiyani? China ndi malamulo, china ndi ndalama, koma chachikulu chili m'mitima ya akuluakulu. Makolo, alangizi ngakhale madokotala ena amati kupatsa mwana buprenorphine n'kungosinthanitsa chizolowezi china ndi chinzake. Amati mwana akadali wamng'ono, angathe kusiya yekha akalangizidwa ndi kusinthidwa malo. Maganizowa amachokera m'chikondi, ndipo nkhawa yoti ubongo wa mwana ukukulabe si yopanda pake. Koma ine ndikuona kuti ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kwatengetsa miyoyo. Uphungu, pemphero, masewera ndi chikondi cha banja zonse n'zofunika, koma zimathandiza mwana amene akupuma. Mwana wodwala shuga sitim'mana insulin poopa kuti aizolowera. M'masiku a fentanyl, kudikira kuti mwana alephere kangapo ndiye apatsidwe mankhwala n'kuchita juga ndi moyo wake.

Kudikira koteroko kunali lamulo lenileni. Kwa zaka zambiri, wosakwana zaka 18 sankaloledwa kuyamba methadone pokhapokha ataonetsa umboni wolembedwa woti wayesa kusiya kawiri popanda mankhwala m'miyezi 12 ndipo walephera. Lamuloli linachotsedwa mu Epulo 2024. Chotchinga china chinali chiphaso chapadera chimene dokotala ankayenera kukhala nacho kuti alembe buprenorphine, ngakhale kuti oxycodone ankatha kulemba popanda chiphaso chotero. Nyumba ya malamulo inachithetsa kumapeto kwa 2022. Tsopano dokotala wa ana amene wakhala akuona mwana kuyambira ali kusikelo angathe kumuyambitsa chithandizo m'chipinda chomwecho.

Ku Boston zimenezi zinayamba malamulo asanasinthe. Chipatala cha Boston Medical Center chinatsegula kiliniki ya achinyamata yotchedwa CATALYST mu 2016, ndipo chipatala cha ana cha Boston Children's chakhala ndi gawo lake motsogozedwa ndi Dr Sharon Levy. Kumeneko wachinyamata amapeza dokotala, namwino ndi mlangizi pamalo amodzi. Akajomba amatsatidwa, ndipo akabwerera ku mankhwala sathamangitsidwa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa achinyamata amasiyira chithandizo panjira kawirikawiri kuposa akuluakulu, makamaka a zaka 18 mpaka 25 amene atuluka m'manja mwa madokotala a ana koma sanakhazikike pantchito kapena pabanja. Njira yotereyi ndi yotsikanso mtengo. Gulu la Dr King linapeza kuti mu 2022 malo ogoneka achinyamata ankalipiritsa pafupifupi madola 878 pa tsiku, ndipo kumene kunali mzere, wodwala ankadikira masiku pafupifupi 28.

Pa nkhani yopewa, America inayesapo kale njira yoopseza. Pulogalamu ya D.A.R.E., imene inayamba ku Los Angeles mu 1983, inkatumiza apolisi m'makalasi kukauza ana kuti azikana mankhwala, koma akafukufuku anapeza kuti sinasinthe kwenikweni khalidwe la ana. Masiku ano aphunzitsi ndi anamwino ambiri amauza ana zoona zokhazokha: piritsi losachokera kufamase n'lokayikitsa ngakhale likhale lochokera kwa mnzako, zizindikiro za kukomoka ndi izi, ndipo mnzako akakomoka itana thandizo usanaganize zoti makolo akalipa. Chigawo cha Massachusetts chinakhazikitsa lamulo mu 2016 loti sukulu za boma zizicheza ndi ophunzira payekhapayekha pa nkhani ya mowa ndi mankhwala, kuti vuto lidziwike lisanakule. Imfa zobwera chifukwa chomwa mankhwala mopitirira muyezo, kuwerengera anthu a misinkhu yonse m'dzikolo, zinatsika, kuchoka pa zoposa 100,000 mu 2023 kufika pa pafupifupi 80,000 mu 2024, ngakhale kuti akatswiri sagwirizana chimodzi pa chimene chatsitsa.

Kuno kwathu fentanyl wa m'mapiritsi abuluu si vuto la m'misewu yathu, koma abale ake tili nawo. Codeine wa m'mankhwala a chifuwa ndi tramadol ndi a gulu lomweli. Nigeria inaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018 achinyamata atamwerekera nawo, ndipo ku Zimbabwe anyamata a m'matauni amamwa BronCleer wolowa mozemba. Anansi athu a ku Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, umboni woti chithandizo cha mtunduwu n'chotheka m'dziko losauka.

Inu makolo, kaya muli kuno kaya muli ndi ana kunja, mwana akakuululirani kuti wakodwa ndi mapiritsi kapena mankhwala a chifuwa, musayambe ndi chikwapu kapena kum'tsekera m'nyumba kuti asiye mokakamiza. Pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo, mukanene dzina la chimene wakhala akumwa, ndipo mukafunse mosachita manyazi ngati pali mankhwala omuthandiza kusiya.