Kodi Akumulera Ndani? Zoyenera Kudziwa za Nyumba Zosungirako Ana

Zimene tinamva m'sewero

Amayi amene munamvera sewero lija pa wailesi mukukumbukira kuti mayi wina anamwalira n'kusiya khanda la miyezi 5. Maliro atatha, abale anakhala pansi kukambirana za mwanayo. Amalume ake anati iwo anaona nyumba ina m'tauni yosungirako ana amasiye, yopakidwa penti bwino, yokhala ndi mpanda wa njerwa ndi galimoto lake. Agogo, poona ukalamba wawo ndi kusowa kwa mkaka, anavomera.

Patapita miyezi iwiri, mayi aang'ono a mwanayo anapita kukamuona. Anampeza atawonda, akutsegula m'mimba, botolo la mkaka litatsamiritsidwa pa pilo kuti aziyamwa yekha. M'chipindamo munali makanda 14 koma wowasamala anali mtsikana mmodzi.

"Achemwali, kodi buku la kusikelo la mwanayu lili kuti?" anafunsa mayi aang'onowo.

"Pepani mayi, ine sindinalionepo. Ndayamba ntchito mwezi wathawu, ndipo palibe amene anandiuza za kusikelo."

Pokambirana sewero limeneli, amayi ambiri anakalipira mtsikanayo. Koma ena anafunsa bwino kuti, kodi munthu amene sanaphunzitsidwe tingamudzudzule bwanji? Wolakwa ndi amene anamupatsa makanda 14 osamuphunzitsa, komanso tonse amene tinaona penti osafunsa za anthu ogwira ntchito m'katimo.

Khoma sililera mwana

Mwana wamng'ono amafuna chakudya ndi pogona, komabe zimenezi pazokha sizikwanira. Amafunanso munthu mmodzi womudziwa, amene amamunyamula akalira, kumuyang'ana m'maso pomudyetsa ndi kumulankhula. Bongo wa mwana umakula msanga kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo umakula chifukwa cha kucheza kotereku. Paja akulu amati mmera mpoyamba.

Zimenezi zinaoneka bwino m'dziko la Romania, kumene ana ambiri anakulira m'nyumba zikuluzikulu za boma. Kuyambira m'chaka cha 2000, akatswiri anatsatira ana 136 a mumzinda wa Bucharest. Theka la anawo anawapezera mabanja owalera, ena anatsala m'nyumba zija. Patapita zaka, ana amene anapita m'mabanja ankakula bwino, kulankhula bwino ndiponso kuganiza bwino kuposa anzawo otsala, makamaka amene anachoka asanakwanitse zaka 2.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2009 bungwe la United Nations linagwirizana pa malangizo a kasamalidwe ka ana amene sali ndi makolo awo. Mwa zina, malangizowo amati mwana wosakwana zaka 3 aleredwe m'banja, amati umphawi pawokha si chifukwa chochotsera mwana pakati pa abale ake, ndiponso amati ana a mimba imodzi asalekanitsidwe popanda chifukwa chenicheni. Choncho nyumba yosungirako ana ndi njira yomaliza, ndipo ikhale ya kanthawi. Koma zilipo nthawi zina pamene palibiretu mbale woti atenge mwana, kapena pamene mwana akuzunzidwa kwawo. Pamenepo ndi pofunika kudziwa kusiyanitsa nyumba yabwino ndi yoipa.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Muno m'Malawi tili ndi lamulo loona za chisamaliro ndi chitetezo cha ana limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2010. Pa Chingerezi limatchedwa Child Care, Protection and Justice Act. Kuyambira m'chaka cha 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18.

Munthu sangangodzuka n'kusonkhanitsa ana m'nyumba chifukwa choti ali ndi mtima wachifundo kapena wapeza omuthandiza akunja. Malo otero ayenera kudziwika ndi kuvomerezedwa ndi boma kudzera ku unduna woona za chisamaliro cha ana. M'boma lililonse muli ofesi ya Social Welfare, ndipo ndi imene imafufuza ngati mwana akufunikadi kupita ku malo otero, kuyendera malowo, ndi kuthandiza kuti mwana adzabwerere kwa abale ake. Malangizo a United Nations aja amati oyendera azifika nthawi zina mosadziwitsa, ndiponso kuti nkhani ya mwana aliyense iziunikidwanso, makamaka pa miyezi itatu iliyonse, kuona ngati n'koyenera kuti akhalebe pamalopo.

M'sewero lija, amalume anangotenga mwana n'kukamusiya okha. Uku kunali kulakwa koyamba. Mwana wopita mwa njira imeneyi sadziwika ku boma, ndipo zikavuta palibe womulondola.

Ngati pamalopo akuti ali ndi namwino, dziwani kuti namwino aliyense muno ayenera kulembetsedwa ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Yunifolomu yoyera si umboni. Yunifolomu amasoka telala aliyense.

Wolera ana ayenera kuphunzira chiyani?

Ena amati mkazi aliyense amadziwa kulera. N'zoona kuti amayi timadziwa zambiri, koma kulera mwana wako mmodzi n'kosiyana ndi kusamala ana ambiri m'chipinda chimodzi, kumene matenda amayenda msanga ngati moto wa kutchire. Wolera ana pamalo otero asanayambe ntchito ayenera kuphunzitsidwa zinthu izi, ndipo azikumbutsidwa nthawi ndi nthawi.

Choyamba ndi ukhondo. Asambe m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi, akasintha thewera la mwana aliyense, asanakonze chakudya ndiponso asanadyetse mwana. Akasintha matewera a ana asanu n'kusamba kamodzi kokha, wagawa matenda a mwana mmodzi kwa onse.

Chachiwiri ndi kadyetsedwe. Khanda limene mayi ake anamwalira limadalira mkaka wa m'chitini, ndipo mkaka umenewu ukakonzedwa molakwika umapha. Madzi awire, ndipo asungunulire mkakawo madziwo akadali otentha, asanathe mphindi 30 chiwirireni. Ayeze monga alembera pa chitini, osachulukitsa madzi pofuna kuti chitini chikhalitse. Mkaka wotsala ukatha maola 2 autaye. Kapu ndi yabwino kuposa botolo chifukwa sivuta kutsuka. Ndipo mwana adyetsedwe ali m'manja, osamusiya yekha ndi botolo, chifukwa angatsamwe. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe phala losakaniza ndi nsinjiro, dzira, masamba kapena usipa wosinja.

Chachitatu ndi kudziwa zizindikiro zoopsa. Mwana wolephera kumwa, wosanza chilichonse, wokomoka, kapena wofooka kwambiri mpaka osadzuka, apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Wolera adziwe kuwerenga mpweya: mwana wa miyezi 2 mpaka 12 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa, chikhoza kukhala chibayo. Mwana wotentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo. Wotsegula m'mimba ayambe kumwa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo alandire mapiritsi a zinki monga achipatala anenera.

Chachinayi ndi kusikelo ndi katemera. Mwana wa m'nyumba yosungirako ana ali ngati wanu yemwe. Ayezedwe sikelo mwezi ndi mwezi, alandire katemera pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15, ndiponso vitamini A pa miyezi 6 iliyonse. Agone m'neti usiku uliwonse.

Chachisanu ndi kasungidwe ka mankhwala. Ana ena amamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu tsiku ndi tsiku. Mankhwala akhale m'kabati yokhoma, a mwana aliyense paokha ndi dzina lake, ndipo wopereka alembe nthawi imene wapereka. Olera akamasinthana osalemberana, mwana amadumpha tsiku kapena kumwa kawiri. Wolera adziwenso kusunga chinsinsi cha matenda a mwana.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kalangizidwe ndi chitetezo cha ana. Mwana amene wataya mayi ake amatha kukodza pogona, kukana kudya kapena kuchita ndewu. Wolera wosaphunzira amathamangira chikwapu. Wophunzira amadziwa kuti ndi chisoni chikuchititsa. Kumenya, kumana chakudya, kutsekera mwana m'chipinda kapena kumuletsa kuonana ndi abale ake monga chilango n'kosaloledwa. Wolera adziwenso zizindikiro za mwana amene wagwiriridwa, ndi kumene angakanene ngakhale wochitayo ali mkulu wa pamalopo. Asanalembedwe ntchito, mbiri yake ifufuzidwe kumene anagwirako kale, kwa amfumu ndi kupolisi.

Manja awiri sakwanira

Ngakhale munthu ataphunzira bwanji, mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Khanda laling'ono limadya pafupifupi maola atatu aliwonse, ndipo kulidyetsa bwino ndi kapu, kulibyukwitsa ndi kulisintha kumatenga mwina mphindi 20. Makanda 14 ndiye kuti mphindi 280, kupitirira maola anayi ndi theka. Mtsikana uja asanafike kwa khanda lomaliza, loyamba lija nthawi yake yapitirira kale. N'chifukwa chake ankatsamiritsa mabotolo pa pilo. Sikunali kuipa mtima ayi, ntchito inamukulira.

Ine pa ntchito yanga yaunamwino ndinalandirapo mwana wochokera ku malo otero amene anatentha thupi masiku atatu. Wogwira masana ankayesa kuti wa usiku wanena, wa usiku ankayesa kuti wa masana wanena. Mwanayo anachira, koma anafika magazi atachepa kwambiri. Kabuku kolemberana posinthana kakanathetsa zonsezi.

Olera akamasinthasintha mwezi ndi mwezi chifukwa cha malipiro ochepa kapena kutopa, mwana amasowa womuzolowera. Mukaona mwana wothamangira mlendo aliyense n'kumukakamira, musati ndi mwana wansangala. Kawirikawiri chimakhala chizindikiro choti alibe munthu wakewake.

Mukapita kukaona mwana

Pa zokambirana, mayi wina anati iye angachite manyazi kufunsa mafunso anthu amene akumulerera mwana kwaulere. Amayi, safunsa anadya phula. Malo oyenda bwino sadana ndi mafunso. Funsani mwaulemu, koma funsani ndithu:

1. Kodi malo ano ndi ovomerezeka ndi boma? Tingaone chikalata chake?
2. A Social Welfare anabwera liti komaliza?
3. Amene amasamala mwanayu tsiku ndi tsiku ndani? Anaphunzitsidwa kuti, ndipo wakhala pano nthawi yaitali bwanji?
4. Usiku m'chipinda muno mumakhala akuluakulu angati?
5. Buku la kuchipatala la mwanayu lili kuti? Tsegulani muone ngati mzere wa sikelo ukukwera ndiponso ngati katemera ali m'malo mwake.
6. Mwana akadwala usiku mumapita naye kuti, ndipo pa chiyani?
7. Pali dongosolo lanji loti mwanayu adzabwerere kwa abale ake?

Pitani masiku osiyanasiyana, nthawi zina osanena kuti mukubwera. Onani ngati pali madzi ndi sopo pafupi ndi posinthira matewera. Onani ngati maneti ndi omangidwa. Muvuleni mwana muone thupi lake. Ngati ndi wamkulu woti n'kulankhula, chezani naye panokha. Akakukanizani kuona mwana kapena kulowa kumene amagona, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Kokanena

Mukaona zosayenera musangodandaulira mumtima, ndipo musayambe ndewu ndi olera. Mwana akakhala kuti akudwala, choyamba apite kuchipatala. Kenaka kaneneni ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, kapena uzani mlangizi wa zaumoyo kapena woteteza ana wa m'dera lanu kuti akuperekezeni. Ngati mwana wamenyedwa kapena kugwiriridwa, pitani kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit. Mukhozanso kuimba foni yaulere pa nambala 116, imene ndi yothandiza ana. Kunena kwanu kumapulumutsanso ana ena amene alibe wowayendera.

M'sewero lija, mwana anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. A Social Welfare atakhala pansi ndi banja lonse, mayi aang'ono anamutenga, amalume analonjeza kugula mkaka, agogo n'kumatsala naye pamene mayi aang'onowo apita kumunda. Mtsikana uja sanachotsedwe ntchito. Eni malo anauzidwa kuti amuphunzitse ndi kulemba olera ena. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo makanda 13 otsala aja nawonso ndi athu.

Mafunso okambirana pa sikelo

1. Kodi banja lija likanachita chiyani lisanaganize zokasiya mwana m'tauni?
2. M'mudzi mwathu muno, tingathandize bwanji agogo kapena mbale amene akulera khanda lamasiye?
3. Ndani mwa ife akudziwa pamene pali ofesi ya Social Welfare? Amene akudziwa afotokozere anzake lero lomwe.