Kusiya nchito ya pamwezi ndi kuyamba kudziimira pawekha ku Copperbelt

Kwa zaka zambiri, nchito ya mumgodi ndiyo inali mzati wa banja ku Kitwe. Kampani ya ZCCM inali kupatsa anchito ake nyumba ndi cithandizo ca cipatala. Koma pamene boma linatsiriza kugulitsa migodi m'caka ca 2000, ambiri anacotsedwa nchito, ndipo anthu anaona kuti malipiro a pamwezi akhoza kutha tsiku lililonse.

Ndico cifukwa cake ena amasiya okha nchito, nayamba ulimi, kuweta nkhuku, kapena malonda pa msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Masala ku Ndola. Colinga cao ndi kukhala ndi cao-cao cimene angadzasiyire ana.

Komabe kusiya nchito mwakufuna n'kosiyana ndi kucotsedwa. Lamulo la nchito la 2019 limati munthu wocotsedwa cifukwa ca kucepa kwa nchito alandire malipiro a miyezi iwiri pa caka ciliconse cimene anagwira. Wosiya yekha salandira ndalama zimenezi.

Nanga mpamba ucokera kuti? Lamulo la 2023 linalola membala wa NAPSA amene wasonkha kwa miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, kutenga 20 peresenti ya zosonkha zake. Koma linalola kutenga kamodzi kokha, ndipo penshoni ya paukalamba imacepa.

Motero nzeru ndi kuyesa bizinesi ukali pa nchito, kuilembetsa ku PACRA, ndi kusunga ndalama zodyera miyezi ingapo. Phindu limacedwa kubwera, koma lendi ndi ndalama za sukulu sizidikira.